Chipeso Chimene Sindinachiyese

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapsereza mutu wa achemwali anga a Esinati, ndipo ndinali nditadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi pamene iwo anadziwa kuti wowapserezayo ndinali ine. Zaka zonse za pakatipo ankakhulupirira kuti anawalakwira ndi azakhali athu, alongo awo a bambo, amene anabwera kudzatilera amayi atamwalira. Ndikulemba izi chifukwa azakhaliwo anapita kumanda atasenza mlandu wanga, ndipo ine sindikondwa chinthu chikakhala pa dzina la munthu wolakwika. Ndinagwira ntchito ya ulembi m'maofesi zaka makumi atatu. Ndinkabweza kalata yonse chifukwa cha chilembo chimodzi chopotoka, ndipo atsikana amene ndinkawayang'anira ankandiopa. Koma cholakwa cha m'nyumba mwathu ndinachisiya chomwecho.

Tinkakhala ku Old Town, m'zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina wogulitsa nsalu. Bambo anali telala wa pakhonde pa sitoloyo, ndipo makina awo ankayamba kulira kuitana kwa ku mzikiti kukangotha m'mawa. Azakhali ankawotcha tsitsi. Masiku amenewo kunalibe masaluni paliponse ngati lero. Mkazi akafuna tsitsi lowongoka la pa ukwati kapena la Khirisimasi ankabwera kuseri kwathu, n'kukhala pa kampando, mutu wake pakati pa mawondo a azakhali, atapinda khutu ndi chala kuti lingapse.

Ntchitoyi inali ndi dongosolo lake, ndipo ndikufuna ndilifotokoze bwino chifukwa nkhani yonse ili pamenepa. Zipeso zinali ziwiri, zachitsulo, zogwirira zake zamtengo. Chimodzi chikakhala m'manja mwa azakhali, china chinkakhala pa mbaula. Mbaulayo inkakhala kuseri kwa chipupa cha khitchini kuti mphepo isaulutsire phulusa m'mitu ya anthu, choncho azakhali sankaiona. Woiona ndinali ine. Ndinkakupiza makala, kuchotsa chipeso, kuchipukuta mwaye ndi kansanza, kenako kuchigunditsa pa pepala loyera. Pepala likachita utsi, chipeso chinali choopsa. Likasanduka ngati tiyi wopanda mkaka, chinali chisanazizire mokwanira. Likakhala loyera monga linalili, ndinkathamanga nacho. Nyuzipepala azakhali ankaikana, ankati inki imabisa. Mapepala oyerawo bambo ankatolera m'sitolo, aja amaika pakati pa malaya atsopano, ndipo tinkawasunga mu katoni pansi pa windo.

Ndikafika ndi chipeso, azakhali sankacheuka. Ankangotambasula dzanja n'kufunsa kuti, "Wayesa?" Ine ndinkati, "Eya." Kenako pankamveka kulira kwa vaselini pa chitsulo chotentha, ndi fungo lija limene mpaka lero ndikhoza kulizindikira nditatsinzina.

Chaka chimenecho mzinda watsopano unali ukumangidwa kumtunda. Kumene kunali tchire kunayamba kumera maofesi, ndipo mtsikana aliyense wodziwa kutayipa ankalota za ku City Centre. Achemwali anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo zala zawo pa makina otayipira zinkathamanga kuposa za anzawo onse. Kampani ina inawalembera kalata yowaitana ku mayeso a ntchito Lolemba nthawi ya teni koloko m'mawa. Bambo anaiwerenga katatu, n'kupita nayo pakhonde kukaonetsa atelala anzawo. Tsiku lomwelo anadula nsalu ya buluu n'kuyamba kusoka diresi la kolala yoyera.

Azakhali okha sanakondwe. "Kumeneko n'kutali," anatero, "ndipo amuna a matayi aja sindiwakhulupirira. Ukanaphunzira chipeso ichi, sukanagona ndi njala tsiku ndi limodzi lomwe."

"Azakhali, ine ndizinunkha utsi mpaka liti?" anayankha achemwali.

Azakhali anati, "Chabwino, dona. Tsitsi ndikuwotcha Lolemba m'mawa. Ndikakuwotcha Lamulungu, chinyezi cha mvulachi chilibweza usanakwere basi."

Lachisanu la sabata imeneyo sukulu inatsekera tchuthi cha Khirisimasi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakhala nambala wani. Aphunzitsi analemba pa pepala la zotsatira ndi inki yofiira, n'kusayina pansi. Ndinathamanga ulendo wonse mpaka pakhonde pa sitolo. Bambo anali ndi mapini pakamwa. "Ika apo, ndiona ndikamaliza kolala," anatero osakweza mutu. Sindinaike. Ndinalipinda kanayi n'kulilowetsa m'thumba la diresi langa. Loweruka kolala inatha, koma panabwera nkhani ya mabatani. Lamulungu kunali nsapato, zimene achemwali anabwereka ndipo zinkawathina. Masiku atatu ndinayenda ndi pepala lija m'thumba, ndikuligwira ndi chala nthawi ndi nthawi, ndipo palibe anafunsa.

Lamulungu lomwelo kunagwa mvula yamphamvu. Denga lathu linkadontha pamwamba pa windo, ndipo Lolemba m'mawa ndinapeza katoni ya mapepala itasanduka phala. Pepala lonyowa silinena kanthu, chipeso chimangolira pamenepo osasiya banga. Ndinawauza azakhali, iwo atagawa kale tsitsi la achemwali m'timagawo.

"Tenga lija ukuyenda nalo m'thumbalo," anatero. "Kumbuyo kwake si koyera?"

Azakhali sankadziwa kuwerenga. Kwa iwo pepala linali pepala. Sanandichitire nkhanza, ndipo ndikanawauza kuti ndi la kusukulu, mwina akanandituma kwa bambo kukapempha lina. Koma ndinali nditakwiya. Ndinkaona ngati nyumba yonse yandiiwala, ndipo tsopano akufuna ngakhale chinthu changa chimodzicho chipse chifukwa cha mutu wa munthu wina. Ndinapita kuseri kwa chipupa, n'kuganiza kuti ndiziyesa ndi maso.

Poyamba ndinachenjera. Ndinkachotsa chipeso msanga n'kuchisiya pa njerwa nthawi yaitali, moti chinkafika kwa azakhali chili chofunda chabe. Kumbuyo konse anawongola movutikira, akubwereza katatu pamalo amodzi. Dzuwa linakwera. Bambo anabwera kawiri kudzanena za basi. Potsiriza azakhali anakalipa: "Iwe Dorika, ukundipatsa chipeso kapena supuni ya phala? Kupiza moto, mkulu wako basi imusiya!" Ndinakupiza mpaka makala anafiira, ndinachisiya chipeso pamenepo, ndipo nditachichotsa ndinangochipukuta n'kuthamanga nacho. Kunali kutatsala kutsogolo kokha, pamwamba pa mphumi.

"Wayesa?"

"Eya."

Sichinalire monga mwa masiku onse. Chinangofuka utsi wachikasu, ndipo azakhali atachikoka, tsitsi linanyamuka nacho. Achemwali anakuwa n'kudzuka, ndipo podzukapo msana wa chipeso unakhudza khungu. Chinagwa pansi, nyerere zimene zinali pamenepo zinapsa. Pamwamba pa mphumi, mbali ya kumanzere, panali malo ofiira aakulu ngati bokosi la machesi, opanda tsitsi ndi limodzi lomwe.

Za mphindi zotsatirazo ndimakumbukira phokoso lokha. Bambo ankafunsa funso lomwelomwelo. Azakhali ankapaka vaselini pa chilondacho. Abiti Saidi, mnansi wathu wa khomo lotsatira, anabwera ndi mpango wawo wa silika umene ankavala pa Idi, n'kuwamanga achemwali kumutu mwaluso kuti uoneke ngati fasho. "Pita, mwanangu," anatero, "akufuna zala zako, osati mutu." Achemwali anapita, misozi itawononga ufa wa kumaso. Ine ndinakhala kuseri kwa chipupa, ndipo palibe anandiitana.

Achemwali anabwerako dzuwa litapendeka, nsapato zili m'manja. Anati kutayipa anamaliza oyamba. Kenako mayi wina wa pa kampanipo anawauza kuti ntchitoyo ndi ya pa tebulo la kutsogolo, lolandirira alendo, ndipo anawapempha kuti avule mpango. Anavula. Mayiyo anayang'ana, n'kuthokoza, n'kuitana wotsatira. Patapita masabata atatu kunabwera kalata yonena kuti sanapambane. Kalatayo ndili nayo. Ili ndi mizere inayi, ndipo za tsitsi simo. Sindingatsimikize kuti chilonda chija ndicho chinawamanitsa ntchito, koma achemwali sanakayikepo ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku la mayesolo, atangofika, anaima pakhomo n'kuwayang'ana azakhali. "Munachitira dala," anatero. "Zaka zonsezi simunapserezepo munthu, lero mwayambira pa ine. Simunkafuna ndipite. Mumafuna ndikalambire pa mbaula ngati inu." Azakhali anatola zipeso zawo n'kupita nazo ku mpopi.

Kumeneko ndi kumene anandiitanira, dzuwa lisanalowe. Ankakwecha mano a chipeso ndi phulusa, kuchotsa tsitsi limene linamatirira.

"Dorika, bweretsa pepala lija."

Ndinalitulutsa. Anapukuta manja pa chitenje, analifunyulula, analiyang'ana kumaso ndi kumbuyo, kenako analinunkhiza. Panalibe banga, panalibe fungo la utsi.

"Alembapo chiyani?"

"Nambala wani."

"Bambo ako aliona?"

Ndinapukusa mutu. Analipinda m'mizere yake yomwe ija n'kundibwezera.

"Tamvera. Wogwira chipeso ndine. Mutu wa mkulu wako unali pakati pa mawondo anga, osati ako. Ndikanachigunditsa pa chitenje changa ndisanachiike pa mwana, koma ndinali pa changu, ndinakhulupirira pakamwa pako. Limenelo ndi gawo langa, ndalisenza. Koma lako liliponso. Usamuuze lero, mtima wake watentha kwambiri. Udikire uzizire, kenako udzamuuze wekha. Ine sindidzakunenera."

Sanandimenye, ndipo nthawi zambiri ndaganiza kuti akanandimenya nkhaniyi ikanathera pa mpopi pomwepo.

Ndinadikira. Kalata ya mizere inayi ija itafika, ndinati si lero. Patapita miyezi iwiri achemwali anapeza ntchito yolera ana ku Area 11, n'kuchoka pakhomo ndi sutikesi, atatsanzika bambo okha. Ndinati akadzabwera ku tchuthi. Anabwera, koma ankadya pakhonde pa sitolo, osalowa kuseri. Mbiri inafalikira ku msika kuti aNaphiri, azakhali athuwo, apsereza mwana wa m'nyumba mwawo momwe, ndipo akazi anayamba kupita kwa mayi wina wa kutsidya kwa mlatho. Patapita zaka zitatu azakhali anabwerera kumudzi ku Mitundu. Ine ndinapita ku sekondale, kenako ndinaphunzira kutayipa, kenako ndinalembedwa ntchito ku City Centre, m'nyumba yoyang'anizana ndi ija achemwali anavuliramo mpango. Pamenepo ndikanayambira pati? Ndinkatsika basi m'mawa ndi tsitsi lowongoka, pamene iwo, atasamukira kwa mabwana ena ku Area 12, ankayenda pansi kuchokera ku Kawale, duku kumutu, kukasambitsa ana a eni.

Azakhali atamwalira tinapita tonse. Achemwali anakhala nawo pa siwa, anaimba nawo, koma pa nthawi yopita kumanda anatsalira pa msewu. Ndinaona, ndipo ndinati mtima wawo sunazizire.

Tsopano ndimakhala ku Area 43, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya mwana wanga wamkazi. Mwezi wa Okutobala chaka chatha mdzukulu wanga anali ndi chinkhoswe, ndipo achemwali anabwera kudzagona kwa ine masiku awiri. Akalamba, manja awo agwidwa nyamakazi moti sangathe kuwakweza kupitirira mapewa. M'mawa wa chinkhoswecho nyumba yonse inapita ku saluni, ife awiri tinatsala. Kunkatentha kale. Achemwali anatulutsa wigi yawo m'jumbo, anaiyang'ana, n'kuiponya pa bedi.

"Ichi lero ayi, ndingafe ndi thukuta. Mwana wako akuti ali ndi makina opesera. Undipese, Dorika."

Makinawo ndinkawadziwa, ngakhale ndinali ndisanawagwiritsepo. Ndi burashi yamagetsi imene mwana wanga anaitanitsa kunja. Chogwirira chake n'chonenepa, mutu wake uli ngati chitsononkho cha chimanga chomera minga yofewa. Ukayatsa, imatulutsa mpweya wotentha, ndipo mutuwo umazungulira wokha, batani lina kumanja, lina kumanzere. Tsiku limene inafika, mwana wanga, munthu wa madigiri awiri, anang'amba katoni, n'kutaya kabuku ka malangizo mu bini pamodzi ndi makoko a mbatata. Ndinakatola ine, ndinakapukuta, n'kukaika m'fayilo ya zipangizo za m'nyumba, mmene mulinso ka firiji ndi ka ayironi. Amandiseka. Koma chinthu chikawavuta amabwera kudzagogoda kwa ine.

Ndinakhala pansi ndi magalasi n'kuwerenga kabuku konse, achemwali akundidikira pa mpando wa pulasitiki, thaulo m'khosi. Kali m'zinenero zambirimbiri, chathu mulibe. Pa zithunzi pali akazi a tsitsi logwa ngati ndevu za chimanga, ngati kuti mitu ngati yathu siigula zinthu. Pulagi yake ndi ya mano awiri ozungulira, yosalowa m'makoma athu popanda cholumikizira, ndipo za zimenezi sanalembe paliponse. Komabe zofunika zinalimo. Tsitsi likhale lotsala pang'ono kuuma. Uligawe m'timagawo. Uyambe ndi kutentha kochepa. Uyese kaye pa kagawo kakang'ono kuseri kwa khutu.

"Ukulemba mayeso kodi?" anafunsa achemwali. "Chinkhoswe chitha iwe uli pa tsamba lachitatu."

"Ndikufuna ndichite bwino, achemwali."

"Iwe ndi mapepala ako. Tsiku lina adzakuika m'manda ndi fayilo."

Ndinawadzoza mafuta, ndinagawa tsitsi ndi timapini. Linali loyera lonse, lofewa ngati thonje, lochepa. Ndinazindikira kuti chichokereni tsiku lija ndinali ndisanaonepo mutu wawo wopanda chophimba. Ndinayatsa burashi, ndinaimva pa mkono wanga, ndinayesa kuseri kwa khutu. Poyamba inandipambana nzeru. Ndinadina batani lolakwika, inakulunga tsitsi mpaka pa khungu, achemwali anakuwa kuti, "Iwe, ukufuna undizule mutu?" Ndinadina linalo, inamasula. Pang'onopang'ono dzanja linazolowera. Umaika burashi pansi pa kagawo, pafupi ndi mizu, n'kuisiya izizungulira uku ukutsika nayo pang'onopang'ono. Tsitsi linkatuluka lotambasuka, lopindika pang'ono kumapeto. Panalibe utsi, panalibe makala, panalibe wothamanga kuchokera kuseri kwa chipupa. Kutentha kwake ndinkakumva ndekha pa zala zanga nthawi yonse. Achemwali anatsinzina, mapewa awo anagwa, ndipo ndinaganiza kuti agona.

Ndinamaliza kumbuyo ndi m'mbali. Nditachotsa kapini komaliza kutsogolo, ndinachiona. Chinali pomwe paja, chosalala, chonyezimira, chachikulu kuposa mmene ndinkachikumbukirira chifukwa tsitsi lozungulira linali litathothoka ndi ukalamba. Ndinaima, burashi ikulira m'manja.

"Apo usavutike," anatero achemwali osatsegula maso. "Ndi munda wa azakhali ako, sipamera kanthu."

Ndinazimitsa burashi. M'nyumba munangoti zii, kunja wosamalira maluwa wa nyumba yoyandikana akuthirira kapinga.

"Achemwali, azakhali anandifunsa ngati ndayesa chipeso. Ndinati eya. Sindinayese."

Anatsegula maso. "Wati chiyani?"

Ndinafotokoza zonse mwa dongosolo lake, monga ndafotokozera pano: katoni yonyowa, pepala la kusukulu, makala ofiira, mawu a pa mpopi. Sanandidule mawu. Nditamaliza anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Pepala la sitandade chani?"

"Sitandade faifi."

"Sitandade faifi," anabwereza. "Za ntchito ija zisiye. Mwina akanandilemba, mwina ayi. Unali mwana, ana amanama. Koma ukudziwa kuti azakhali anabwera ku Area 12? Anachoka ku Mitundu ndi dengu la nthochi ndi mtedza, anafunsira njira mpaka anapeza geti. Mlonda anabwera kudzandiuza kuti kuli amayi anu. Ine ndinati kawauzeni kuti kulibe. Ndinkawaona pa windo la kuchipinda cha ana. Anakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako anasiya dengu kwa mlonda n'kumapita. Nthochizo ndinapatsa mlondayo."

Zimenezi sindinkazidziwa. Azakhali sanandiuzepo.

"Iwe unali kuti nthawi yonseyi, Dorika?"

"Azakhali anati ndidikire mtima wanu uzizire."

"Uzizire?" Anatembenuka pa mpando movutikira kuti andione kumaso. "Unazizira kalekale. Nditabereka mwana woyamba ndinkalira usana ndi usiku kufuna azakhali. Koma ndikanapita bwanji, nditawabweza pa geti ngati wogulitsa makala? Ndinkangodziuza kuti anandilakwira, chifukwa ndikasiya kudziuza choncho ndiye kuti woipa ndine. Ukanangobwera n'kundiuza, ndikanakwera basi tsiku lomwelo. Ukanandipatsa poyambira. Unkabwera kwanga ndi shuga ndi sopo mwezi uliwonse, ukukhala pa mpando wanga, ukumwa tiyi wanga, nkhani ili m'kamwa."

Ine amene ndayankhapo makalata a mabwana okwiya osawerengeka, ndinangoima ndi burashi yozima m'manja.

Anatembenukiranso kutsogolo n'kukonza thaulo. "Yatsa chinthu chakocho umalize. Sindingapite kwa anthu ndi mutu wa theka."

Ndinayatsa. Ndinafuna kukokera tsitsi la pambali kuti liphimbe chipsera, monga burashiyo imathera bwino kuchita, koma anandigwira dzanja. "Lisiye lipite kumbuyo. Ndabisa zokwanira." Anapita ku chinkhoswe chomwecho, mutu woyera, chipsera poyera. Anavina pang'ono, anafupa mkwatibwi, anadya. Kwa ine sanalankhule tsiku lonse. M'mawa mwake mwana wanga anawaperekeza pa galimoto ku Kawale, ndipo miyezi iwiri foni yanga sankayankha.

Anaimba okha mvula itayamba. Sanapereke moni. "Udzandiperekeze ku Mitundu," anatero. "Pamene azakhali anagona sindipadziwa."

Tinapita pa minibasi. Titapempha chilolezo kwa eni mudzi, msuweni wathu wina wokalamba anatitsogolera kumanda. Panalibe chiliza, panalibe mtanda. Ine ndinalipo tsiku la maliro, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikukumbukira, koma mitengo inali itakula ndipo manda anali atachuluka. Msuweniyo anazungulira kawiri, kenako analoza mitumbira iwiri yoyandikana, yophwa, yomera udzu. "Ndi umodzi mwa iwiriyi," anatero, "koma kuti uwu kapena uwu, ndinganame."

Achemwali anagwada pakati pake, ine ndikuwagwira mkono. Anayamba kuzula udzu ndi zala zawo zopindika zija, kuno pang'ono, uko pang'ono. Ndinagwada nanenso. Tinalambula mitumbira yonse iwiri, ndipo zinatitengera nthawi yaitali chifukwa tonse mawondo anatha. Zimene ananena pamenepo ananena motsitsa mawu, ndipo si zanga kuti ndizilembe.

Zaka zonsezi ndinkadziona ngati mwana womvera, amene anauzidwa kuti adikire ndipo anadikira. Tsopano ndikuona kuti azakhali anandiuza zinthu ziwiri pa mpopi paja, ndipo ine ndinatola chopepukacho. Kudikira sikunkandipweteka. Kunkaoneka ngati ulemu, ngati kuganizira mtima wa achemwali, pamene ndinkangoteteza nkhope yanga. Bodza la tsiku lija linali la mwana wokwiya, ndipo linawononga kachigawo ka khungu. Kukhala chete kwa zaka zotsatirazo kunali kwa munthu wamkulu, wophunzira, wodziwa bwino lomwe chimene akuchita, ndipo kunalanda akazi awiri zaka zimene akanakhala mayi ndi mwana. Achemwali amayankha foni yanga tsopano. Timakamba za mawondo, za mvula, za adzukulu. Sananenepo kuti andikhululukira, ndipo ine sindinawafunse, chifukwa amene ndinayenera kuwapepesa koyamba sitikudziwa n'komwe kuti ali pansi pa mtumbira uti.